Kodi kuumitsa pichi kuti mpira uzikhota n'kubera?

Funso: Akochi, ndine Mmalawi wogwira ntchito ku Johannesburg. Kiriketi ndinaidziwira kuno chifukwa cha mwana wanga wa zaka 14 amene amasewera kusukulu, ndipo amaponya sipini (kuponya mpira mouzunguza kuti ukhote ukagwa pansi). Kuntchito timakangana kawirikawiri. Anzanga amati India ndi Pakistan amabera, amaumitsa dala pichi (kamzere ka dothi pakati pa bwalo pamene mpira umagwera) kuti masipina awo, oponya sipini aja, azingokolola mawiketi (kutulutsa omenya), mpaka Test, masewero a maiko oyenera kutenga masiku 5, n'kutha pa masiku 2 kapena 3. Kodi zimenezi n'zololedwa? Nanga amalichita bwanji dothi kuti lizikhotetsa mpira chonchija? Komanso poti kuno mapichi ambiri amakomera oponya mwaliwiro, mwana wangayu sakungotaya nthawi?

Yankho: Zikomo achimwene polemba. Mtima ukhale m'malo, mnyamatayo sakutaya nthawi, ndipo za iye ndifikako tikathana ndi nkhani ya dothi. Mkangano wa kuntchito kwanuwo ndi wakalekale. Mu 1956 Jim Laker, sipina wa England, atagwetsa mawiketi 19 atamenyedwa marani (mapointi a omenya) 90 okha ku Old Trafford, a ku Australia anadandaula kuti pichi inaumitsidwa dala. Ndiye madandaulowa sanayambire ku India ayi.

Kunena mosapsatira mawu, si kubera. Mu Test, pichi amakonza ndi eni bwalo, ndipo palibe lamulo lowauza kuti asiyepo udzu wotalika bwanji kapena athirire kangati masewero asanayambe. Aliyense amakonza yokomera anyamata ake. England imasiya udzu wobiriwira kuti mpira wa Dukes, umene amagwiritsa ntchito kumeneko, uziyenda uku ndi uku. Ku Perth amafuna mpira uzinjanja mpaka pachifuwa. Anzanu a kuntchitowo muwakumbutse za ku Newlands, ku Cape Town, mu Januware 2024, South Africa ikusewera ndi India. Tsiku loyamba lokha kunagwa mawiketi 23, South Africa inathera pa marani 55, ndipo Test yonse inatha ndi mipira 642 yokha, yaifupi kuposa Test ina iliyonse imene inapeza wopambana. Sipina sanaponye ndi mpira umodzi womwe. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti pichi yotere anthu ambiri amaitcha yamoyo, koma ikakhala yafumbi ya ku Asia amathamangira kunena kuti n'chinyengo.

Tsono mpira umakhota chifukwa chiyani? Sipina amauzunguza ndi zala kapena ndi mkono, koma kuzungulirako pakokha sikukwanira. Pamafunika pansi poti msoko wa mpira ulumepo. Pamalo polimba ndi posalala mpira umangoterereka n'kupitirira. Pamwamba pakakhala pofumbutuka, msoko umalowa pang'ono m'dothi, dothilo n'kugumuka, mpira n'kukankhidwira kumbali. Mukamaonera pa TV n'kuona kafumbi kakuti fuu pamene mpira wagwera, dziwani kuti pamwamba payamba kusweka. Dothi lachinyontho nalonso limagwira mpira. Kale mapichi sankawaphimba kukagwa mvula, ndipo Derek Underwood, sipina wa England, ankaopedwa pa chifukwa chimenechi. Ku The Oval mu 1968 owonerera anathandiza kupopa madzi m'bwalo, iye n'kutenga mawiketi 7 pa marani 50, England n'kugonjetsa Australia nthawi itatsala pang'ono kutha. Masiku ano pichi imaphimbidwa, choncho wofuna sipini amadalira kuuma.

Kamzere konse ka pichi ndi kotalika mamita 20.12, m'lifupi mamita 3.05, koma khalidwe lake limachokera ku dongo. Ku Australia dongo limapitirira theka la dothi la pichi, pena kufika patali ndithu. Likatsindiridwa ndi kuwambidwa padzuwa limalimba gwa, limang'aluka ming'alu ikuluikulu ngati makande a kudambo mu Okutobala, koma pakati pa ming'aluyo pamwamba sipafumbutuka msanga. N'chifukwa chake kumeneko mpira umanjanja kwambiri koma sukhota kwenikweni. Ku England dongo limakhala pafupifupi 30 pa 100 alionse. Ku India kuli mitundu iwiri imene mumva olengeza masewero akuitchula. Katondo, monga wa pa Wankhede ku Mumbai, sasunga madzi, amauma msanga, amanjanjitsa mpira bwino masiku oyamba kenaka n'kuyamba kugumuka. Pamenepo mpira umakhota mwaukali komanso kudumpha, ndiye osewera oima pafupi ndi womenya amawakha yambiri. Dothi lakuda limasunga madzi, limachedwa kusweka, mpira umabwera mwaulesi ndiponso motsika. Umakhota, koma womenya amakhala ndi kanthawi kosinthira maganizo. Sipina wanzeru amakonda katondo, chifukwa chimene chimatulutsa munthu ndi kukhota kophatikizana ndi kudumpha.

Ntchito yokonza pichi ya Test imatenga pafupifupi milungu iwiri. Ndakhala zaka zambiri ndikulawira m'mabwalo limodzi ndi anthu osamalira mapichi, ndipo abwino onse ndimawaona akuchita zofanana. Amathirira kuti madzi alowe pansi penipeni, osati kungonyowetsa pamwamba. Amadikira mpaka dothi lifike poti ukalidina ndi chala chachikulu limalowa pang'ono koma osamata. Apo ndi pamene rola imagwira ntchito, kuyamba ndi yopepuka kenaka yolemera. Ukayendetsa rola dothi lili tapetape umangolipaka, ukayendetsa litauma kale umangoliphwanya. Udzu, umene kumaiko otentha nthawi zambiri umakhala kapinga yemweyu, amaumeta pang'onopang'ono mpaka mamilimita ochepa, ndipo mizu yake ndi imene imamanga dothi kuti lisabalalike. M'mawa wa masewero mudzaona kaputeni atagwada, akugogoda pansi ndi nkhonya, kukanda ndi chikhadabo, ena kulowetsa kiyi wa galimoto m'mng'alu kuti aone ngati m'mphepete mwake mukugwedera. Mng'alu wolimba m'mbali suopsa. Wogwedera ndiye umanena kuti pofika tsiku lachitatu zinthu zivuta.

Wofuna pichi yokhota amangosintha zochepa pa ndondomeko yomweyo. Amasiya kuthirira msanga, amameta udzu wonse mpaka kuupala ndi burashi, amachepetsa rola yolemera kuti pamwamba pasamangane, n'kuisiya pichiyo padzuwa osaiphimba. Ena amathirira mosankha. Test ya ku Nagpur ya mu Febuluwale 2023 isanayambe, atolankhani a ku Australia anajambula ogwira ntchito akuthirira pakati pa pichi n'kusiya pouma pamene mpira umagwera kwa omenya amanzere, pomwe Australia inali ndi amanzere ambiri. Phokoso linali lalikulu. Koma India inamenya marani 400 pa pichi yomweyo, Rohit Sharma yekha 120, pamene Australia inapeza 177 ndi 91. Pichi yolola timu ina kufika 400 n'kovuta kuinena kuti ndi yosaseweredwa.

Pakistan ndiyo inachita poyera, osabisa. Mu Okutobala 2024 ku Multan, England inamenya marani 823 pa pichi yosathandiza woponya aliyense, Harry Brook 317 ndi Joe Root 262. Pa Test yachiwiri eni bwalo anabwereza pichi yomweyo imene inali itapondedwa kale masiku 5, n'kuiumitsa ndi mafani akuluakulu. Noman Ali ndi Sajid Khan anagawana mawiketi onse 20. Ku Rawalpindi, kumene dothi silikonda kusweka, anaonjezera mbaula za gasi, awiriwo n'kutenganso mawiketi 19, Pakistan n'kupambana 2-1. Zimaoneka zoseketsa kuona pichi ikuothetsedwa moto, koma palibe lamulo limene linaswedwa.

Malamulo amayamba kugwira dzanja masewero akayamba. Pichi saithiriranso. Kaputeni wa timu yomenya angapemphe rola kwa mphindi zosapitirira 7 tsiku lisanayambe kapena timu yake isanalowe, ndipo kusankha rola ndi nzeru payokha: yolemera imagonetsa pichi kwa ola limodzi kapena kuposerapo, koma pa dothi louma imathanso kufulumizitsa kusweka. Woponya saloledwa kuponda pakati pa pichi akamaliza kuponya, ndipo akachenjezedwa kawiri, kachitatu ampaya (woweruza masewero) amamuletsa kuponya mpaka timu yomenyayo itatuluka. Komabe m'mbali mwa malo otetezedwawo nsapato za misomali zimakumba tsiku lililonse. Woponya wa dzanja lamanja amasiya zikanda kunja kwa womenya wamanzere, wa dzanja lamanzere amazisiya kunja kwa womenya wamanja. Mukaona Nathan Lyon, sipina wa Australia, akuponyera pa kachigamba kakuda kokumbika, nthawi zambiri amakhala akudya za mapazi a mnzake Mitchell Starc, woponya mwaliwiro ndi dzanja lamanzere. Umu ndi mmene Test yabwino imayendera: aliwiro tsiku loyamba, omenya lachiwiri ndi lachitatu, masipina kumapeto.

Pali chinthu chimene anzanu mwina sachiona. Pa pichi yokhota kwambiri, mpira umene umatulutsa anthu ambiri ndi wosakhotawo. Ku Ahmedabad mu Febuluwale 2021, Test ya usiku ya mpira wa pinki inatha masiku 2. England inapeza 112 ndi 81, Axar Patel wa India anatenga mawiketi 11, ndipo pa mawiketi 30 amene anagwa, 28 anatenga ndi masipina. Mukaonereranso, mupeza omenya ambiri akutchinga mpira woti ukhota, mpirawo n'kungodutsa mowongoka kukagunda padi (chotchinga mwendo) kapena timitengo titatu ta kumbuyo kwa womenya. Mpira ukagwera pa msoko umaluma n'kukhota, ukagwera pa chikopa chosalala umaterereka, ndipo wa pinki uja, pokhala ndi utoto wonyezimira wochuluka, unkaterereka mwachangu. Nthawi zina woponya mwiniyo sadziwa kuti uchita chiti. Onjezanipo DRS, njira yopempha kuti chigamulo cha ampaya chionedwenso pa vidiyo ndi kompyuta. Kale womenya ankatha kutambasula mwendo kutsogolo, padi patsogolo bati pambuyo, ampaya n'kuopa kumutulutsa poti waima kutali ndi timitengo. Lero kompyuta imaonetsa kuti mpira ukanagunda timitengo, ndiye padi inasiya kukhala pothawira. Ayenera kutchinga ndi bati, ndipo bati ikatsogola, m'mphepete mwake ndi mmene mpira umapsompsona n'kugwidwa. Mawiketi ambiri amene timanamizira dothi ndi a DRS.

Nanga bwanji matimu a pakhomo akunyanyira masiku ano? Chifukwa china ndi mpikisano wa World Test Championship umene unayamba mu 2019. Kupambana kumapatsa mapointi 12, kulepherana 4 okha, choncho pichi yogona imene imatha masiku 5 popanda wopambana ndi kuluza kwa eni bwalo.

Koma apa ndi pamene ine ndimasiyana maganizo ndi makaputeni opempha pichi yokhota kuyambira ola loyamba. Pichi ikanyanya, imafafaniza kusiyana kwa luso. Pa pichi yabwino, Ravichandran Ashwin wa India, amene anapuma ali ndi mawiketi 537, amaposa kutali sipina wamba, chifukwa amadziwa kunyenga munthu mpira uli m'mwamba. Pa pichi yafumbi aliyense wotha kugwetsa mpira pamalo amodzi mwachangu amasanduka chilombo. Ku Ahmedabad komwe kuja Joe Root, amene ntchito yake ndi kumenya, anatenga mawiketi 5 pa marani 8. Ku Pune mu 2017 Steve O'Keefe wa Australia anatenga 6 pa 35 kawiri konse, India n'kuthera pa 105 ndi 107, n'kuluza ndi marani 333. Ku Indore mu 2023 India inatuluka ndi 109 tsiku loyamba, Lyon n'kudzatenga 8 pa 64, Australia n'kupambana. Mu 2024 New Zealand inachita zimene palibe ankayembekeza, kuchapa India 3-0 kwawo komwe, Mitchell Santner akutenga mawiketi 13 ku Pune ndipo Ajaz Patel 11 ku Mumbai, kumene India inalephera kupeza marani 147. India inali isanaluze mndandanda wa ma Test pakhomo chiyambire 2012. Ndipo ya ku Kolkata mu Novembala 2025 anzanuwo ayenera kuti akuikumbukira bwino: India inkafuna 124 yokha, inathera pa 93, Simon Harmer wa South Africa atatenga mawiketi 8 m'masewerowo. Pa pichi zotere tosi (kuponya ndalama kuti aone wosankha kuyamba kumenya kapena kuponya) imalemera mopitirira muyeso, ndipo omenya a timu ya pakhomo nawonso amaiwala kumenya tsiku lathunthu osatuluka.

ICC, bungwe loyang'anira kiriketi padziko lonse, ili ndi chikwapu chake, ngakhale n'chofewa. Test iliyonse ikatha, woyang'anira masewero amalemba lipoti la pichi. Ya ku Nagpur ya 2015, kumene South Africa inatuluka ndi 79 ndipo Ashwin anatenga mawiketi 12, anaigamula kuti inali yoipa. Chimodzimodzinso ya ku Pune ya 2017. Ya ku Indore inapatsidwa mapointi 3 a chilango, koma India itachita apilo anatsitsa kufika pa 1. Ya ku Newlands ija nayo inalangidwa. Ya ku Melbourne ya 2017 inalangidwa pa chifukwa chosiyana, inali yakufa, yosathandiza woponya aliyense. Bwalo likaunjika mapointi ambiri m'zaka 5 limaletsedwa kuchititsa masewero a maiko kwa chaka. Muyeso wanga ine ndi wosavuta. Sindifunsa kuti mpira ukukhota bwanji, ndimafunsa ngati kunjanja kwake n'kodalirika. Mipira iwiri ikagwera pamalo amodzi, wina n'kukwawa pansi wina n'kudumphira kumaso, tsiku loyamba lomwe, imeneyo ndi pichi yoipa, kaya ili ku Indore kaya ku Cape Town. Koma yokhota mofanana kuyambira m'mawa, munthu waluso amaimenya. Kevin Pietersen wa England anamenya 186 ku Mumbai mu 2012. Andy Flower wa Zimbabwe anamenya 232 osatuluka ku Nagpur mu 2000, akumenya mipira ya masipina ngati akusesa, mbali zonse ziwiri.

Tibwere kwa mnyamata wanu. Kukulira pa pichi zolimba za ku Gauteng ndi mwayi, ngakhale panopa sizikuoneka choncho. Mwana wokulira pafumbi amazolowera kuti dothi limugwirira ntchito. Wanuyo aphunzira kuzunguza mpira mwamphamvu, kuuponya mokwezeka pang'ono kupitirira maso a womenya kuti utsike mwadzidzidzi, ndi kuuzunguza chakutsogolo kuti udumphe. Umu ndi mmene Lyon wapezera mawiketi oposa 500 akusewera theka la masewero ake ku Australia. Shane Warne, sipina wa Australia wa mawiketi 708, anakuliranso pa pichi zolimba. Kumene mukukhalako mbiri ya masipina a South Africa ilipo: Hugh Tayfield anatenga 9 pa 113 polimbana ndi England pa Wanderers mu 1957, ndipo Keshav Maharaj, amene anadzaposa mawiketi 170 a Tayfield, anatenga 9 pa 129 ku Colombo mu 2018.

Zoti muzichita n'zochepa. Asathamangire mitundu yambirimbiri ya mipira imene amaiona pa YouTube. Akhale ndi mpira umodzi wodalirika umene angauponye kasanu ndi kamodzi pamalo amodzi. Muikireni kansalu kapena chivindikiro cha ndowa pansi, masitepe awiri kapena atatu kutsogolo kwa pamene womenya amaima, aziwerenga yekha kuti wagundapo kangati. Pakani choko kapena tepi yoyera pa msoko kuti aziona ngati mpira ukuzungulira mowongoka. Akamaphunzira mu neti ya simenti yoyalidwa kapeti, asakhumudwe kuti sukukhota, ayang'ane kutsika ndi kudumpha kwake. Akamenyedwa masikisi awiri (mipira youluka kudutsa malire a bwalo), inu musakhale woyamba kukuwa kuti aponye mwachangu. Ana ambiri amene ndawaona akusiya sipini anasiya chifukwa kaputeni kapena kholo linachita mantha ndi marani, mwana n'kuyamba kuponya mipira yafulati yopanda mano. Ngati mphunzitsi wa timu yake amamupatsa maova awiri okha (ova ndi mipira 6) kumapeto, kambiranani naye mwaulemu, kapena mupezereni kalabu kumene angaponye maova ambiri motsatizana.

Pali zinthu zitatu zimene musazithetse nokha pakhomo. Choyamba ndi chigongono. Lamulo limalola mkono kuwongoka madigiri osapitirira 15 poponya, ndipo oponya ndi zala ndi amene amagwidwa kawirikawiri. Saeed Ajmal wa Pakistan analetsedwa mu 2014 ali pachimake, ndipo atasintha kaponyedwe sanabwererenso mwakale. Ampaya kapena kochi wina akangonena kuti mwana akugenda, musakwiye. Mujambuleni vidiyo cha kumbali ndi cha kumbuyo, mupite nayo kwa kochi wa satifiketi wa kalabu kapena wa chigawo. Pa zaka 14 zimakonzeka, pa zaka 20 zimavuta kwambiri. Chachiwiri ndi chala. Khungu la chala cholozera limang'ambika chifukwa cha msoko, ndipo zimenezi n'zachizolowezi, amangopuma masiku angapo chilonda chili chotsukidwa bwino. Koma chikatupa, kutentha kapena kutuluka mafinya, apite kuchipatala, asamangopaka guluu monga amachitira anyamata ena. Chachitatu ndi phewa ndi msana. Mwana amene akukula akamadandaula ululu wa m'munsi mwa msana mbali imodzi, makamaka akamapindikira kumbuyo, kapena phewa lopweteka kupitirira milungu iwiri, asiye kuponya mpaka dokotala kapena katswiri wa mafizo amuone, chifukwa pa msinkhu umenewu fupa la msana limatha kuchita kamng'alu kamene kamapola bwino kakadziwika msanga.